Galimoto ikunjenjemera pa idling komanso ikumwa mafuta? Musanathamangire ku Kaguvi yambani mwachita izi

Abale anga a kuno ku Harare, funso ili ndaliyankha kambirimbiri. Lamulungu tikangotuluka mu tchalitchi wina wandikokera pambali, tikakhala pa maliro ku Mbudzi wina wandinong'oneza, usiku foni, ndipo mawu ake ndi omwewo: amalume, galimoto yanga ikaima pa loboti ikunjenjemera ngati izima, nde mafuta ikumwa ngati thanki yabooka. Ambiri pondifunsapo amakhala atagula kale zinthu ku Kaguvi Street kapena ku Gazaland, mapulagi, ma coil omwe amapereka moto ku mapulagiwo, pena throttle body yathunthu, pakhosi polowera mpweya mu injini, ndalama zapita koma vuto lili pompo. Zimandipweteka chifukwa ena mwa inu kagalimoto kameneko ndi komwe kamadyetsa ana, kamanyamula anthu, kamatumiza kangachepe kumudzi. Nde ndalemba kamodzi, muzitsatira mmene ndaikiramu osadumpha, chifukwa sitepe iliyonse imadalira inzake.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo: idling ndi pamene injini ikulira koma galimoto yaima, phazi lanu silikuponda moto. Rpm ndi kuchuluka kwa mmene injini ikuzungulira pa mphindi imodzi, ndi singano ija ya manambala ang'onoang'ono 1, 2, 3 pa dashibodi, 1 ndiye kuti 1000. Ndikunena za galimoto za petulo zochokera ku Japan zomwe ambirife tili nazo, Honda Fit, Toyota Wish, Vitz, Probox, Nissan Note ndi zinzake. Za dizilo ndi nkhani ina.

1. Yambani mwayang'ana singano, musagwire sipanala

Mmawa mukangoliza, singano imakwera mpaka 1200 kaya 1500, makamaka mu June ndi July kuno kukazizira. Limenelo si vuto, kompyuta ya galimoto imachita dala kuti injini itenthe msanga. Ikatentha iyenera kutsika nkukhazikika pakati pa 600 ndi 800. Nde yendani kaye mphindi 15, imani pabwino, giya pa P, zimitsani AC ndi magetsi, muyang'ane singano kwa mphindi ziwiri zathunthu.

Ngati singano yaima njii pa 700 koma chiwongolero ndi mpando zikunjenjemera, makamaka mukaika pa D mutaponda buleki, kawirikawiri injini ilibe mlandu, ndi ma mounting, mphira zija zomwe injini imakhalapo, zatha ndi maenje a mmisewu yathuyi. Ngati singano ikukwera nkutsika, kukwera nkutsika ngati munthu wopuma befu, ganizani za mpweya wolowa pobowoka kapena throttle yakuda. Ngati ikutsika mpaka 500 nkufuna kuzima mukayatsa AC, nayonso ndi throttle nthawi zambiri. Ngati ikudumphadumpha, ku ekizozi kukumveka phu, phu, phu mosalongosoka, imeneyo ndiye timati ikumisa, silinda imodzi siikuwotcha bwino. Ikakhala pamwamba pa 1000 olo mutayenda ulendo wautali, sungani zimenezo mmutu mpaka tifike pa nambala 5.

A Vitz ya 1.0 yopangidwa kuyambira 2005 dziwani kuti injini yanu ndi ya masilinda atatu, imanjenjemerako pang'ono chibadwire. A hybrid, injini ikazima yokha pa loboti sinawonongeke, anaipanga choncho.

2. Yezani mafuta, osangoti ikumwa

Ambirife timathira a madola asanu, singano ya mafuta ikagwa nkumati galimoto ikumwa. Singano imeneyo siyezera bwino. Dzadzani thanki mpaka pampu itadula yokha, ikani trip, kowerengera makilomita a ulendo ka pa dashibodi, pa 0, yendani masiku anu mmene mumayendera, mubwerere pa pampu yomweyo mudzadzenso. Makilomita mwayenda mugawe ndi malita alowa. Mwachitsanzo 300 kugawa ndi malita 25, ndiye kuti makilomita 12 pa lita. Lembani nambalayo, ndi yomwe idzakuuzeni ngati zomwe tikonze mmunsimu zathandiza.

Komanso musayerekeze ndi nambala za ku Japan. Petulo wa kuno ndi blend, ndiye kuti wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe wochokera ku Chisumbanje ndi ku Triangle, monga kwathu amasakanizira wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. A ZERA, bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi, ndi amene amalengeza mlingo wake, pena umafika E20, kutanthauza magawo 20 pa 100 aliwonse ndi ethanol. Ethanol mphamvu yake ndi yocheperako kuyerekeza ndi petulo, nde pa E20 makilomita amatsikako pang'ono, ngati 6 pa 100 aliwonse. Koma galimoto yomwe inkayenda 14 pa lita ikagwa kufika 9, musanamizire blend, pali china chake.

3. Fyuluta ya mpweya ndi mapaipi

Tsegulani bokosi la air filter, itulutseni muiyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa gulani ina, ndi yotchipa, ndipo fumbi la mu August mpaka October silichedwa kuitseka. Kenako paipi yaikulu yakuda yochoka pa bokosilo kupita ku injini, ipindeni ndi dzanja muyang'ane mmakwinya ake, imakonda kung'ambika kunsi komwe maso saona. Timapaipi ting'onoting'ono tonse tapamwamba pa injini tigwireni kamodzikamodzi, kouma kapena kosweka kasintheni. Injini ikulira mvetserani kamluzu ka tsii, mutha kutenga kachidutswa ka paipi ya madzi, mbali ina ku khutu mbali ina mukuyendetsa molumikizira monse, samalani ndi fani ndi lamba. Chonde osapopera petulo pa injini yotentha pofuna kupeza pobowoka, ndinaonapo munthu atapsa nkhope ndi nsidze zomwe chifukwa cha zimenezi.

Galimoto zambiri za Toyota zili ndi kasensa pa paipi yomweyo, MAF, kamene kamayeza mpweya wolowa. Mkati mwake muli tiwaya towonda ngati tsitsi. Kali ndi mankhwala ake opopera, poperani nkusiya kaume kokha, osakhudza ndi chala, nsalu kapena mswachi.

4. Mapulagi, ndipo a Honda Fit mvetserani bwino

Fit yakale ija ya GD1, yomwe inapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2007, ndi yomwe yadzadza pa mushikashika, timagalimoto tija tonyamula anthu mopanda chilolezo. Injini yake ya 1.3 yolembedwa i-DSI ili ndi masilinda anayi koma mapulagi 8 ndi ma coil 8, anayi kutsogolo anayi kumbuyo. Akumbuyowo ndi obisika, ovuta kufikira, nde anthu ambiri amasintha akutsogolo okha nkumati service yatha. Ndatulutsapo mapulagi akumbuyo ooneka kuti chichokere ku Japan sanawagwirepo munthu. Galimoto imalirabe chifukwa pulagi inayo ikugwira, koma mphamvu palibe ndipo mafuta amapita. Fit hybrid ya GP1 nayonso ndi 8. Mukapereka galimoto ku galaja pemphani akuonetseni akale onse 8 mmanja.

Pulagi yabwino kumutu kwake imakhala yofiirira ngati khofi wamkaka. Yakuda mwaye ndiye kuti mafuta akuchuluka. Yonyowa oyilo ndi nkhani ina yaikulu. Gulani nambala yomwe inalembedwa ya injini yanu, ndipo chenjerani ndi a feki, bokosi lokongola mtengo wotsika modabwitsa. Ma coil musagule onse nthawi imodzi, akaika pa makina a diagnosis, oyezera mavuto a galimoto, nkuonetsa kuti silinda 2 ikumisa, sinthanitsani coil ya 2 ndi ya 3, vuto likasamukira ku 3 mwaipeza yakufayo. Kagetsi ka check engine kakamaphethira, osati kungoyaka, musayende nayo mtunda, mafuta osapsa amakaotcha catalytic converter, chosefa utsi cha ku ekizozi.

5. Thermostat ilimo?

Apa ndiye pamene pamathera mafuta a anthu ambiri osadziwa. Pali chikhulupiriro choti thermostat ndi ya kumaiko ozizira, kuno ku Africa imatenthetsa injini, nde galimoto ikangofika amaichotsa nkulumikiza fani dairekiti kuti izizungulira nthawi zonse. Abale, ku Japan nthawi yotentha kumatentha kuposa Harare, ife tili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Thermostat ndi kachitseko kotseka madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka atafika madigiri 80 kapena kuposerako pang'ono. Mukaichotsa injini imakhala yozizira, sensa imauza kompyuta kuti kukadali mmawa, kompyuta nkumangothira mafuta ambiri ndi kukweza idling tsiku lonse.

Kuyesa kwake nkosavuta. Mmawa lizani, gwirani paipi yaikulu yapamwamba pa rediyeta. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono pompopompo limodzi ndi injini, thermostat mulibe kapena inafera yotsegula. Yabwino paipiyo imakhala yozizira kwa kanthawi kenako nkutentha. Fit ndi Vitz zambiri zilibe singano ya kutentha, zili ndi kagetsi ka buluu kapena kobiriwira, kayenera kuzima mukayenda mphindi zochepa, kakamachedwa kwambiri kapena kuyakanso mukutsetsereka pa msewu waukulu, yankho ndi lomwelo. Fani ikamazungulira mukangotembenuza kiyi AC ili yozimitsa, analumikiza dairekiti. Bwezeretsani zonse ziwiri. Ngati galimoto inkatentha, chotenthetsa chifufuzidwe, rediyeta yotsekeka, chivindikiro chake, pampu ya madzi, osati kuchotsa thermostat.

6. Kutsuka throttle body

Throttle body ndi pakhosi pa injini, pomwe paipi yaikulu ija imathera. Mkati muli kachitsulo kozungulira ngati ndalama, ena amati butterfly, mukaponda moto kamatseguka. Pa idling kamakhala pafupifupi kotseka, mpweya umadutsa pa kampata kochepetsetsa mmbali mwake kapena pa valavu ina yapambali yotchedwa IAC. Pakapita zaka pamamata phula lakuda, kampata kaja nkuchepa.

Injini ikhale yozizira, kiyi mthumba. Masulani paipi, poperani carb cleaner, mankhwala otsukira phula, pa kansalu koyera osati kuthira mkati ngati mukutsuka mbale, pukutani mzere wakuda uja mozungulira ndi mmphepete mwa kachitsuloko, mswachi wakale umathandiza. Mankhwala asalowe ku mbali ya pulasitiki yakuda komwe kuli mawaya. Ngati throttle yanu ndi ya kebulo, monga GD1 zambiri, mutha kutsegula ndi dzanja bwinobwino, ndipo mutsukenso IAC chifukwa kawirikawiri ndiyo imamata. Ngati ndi yamagetsi, yopanda kebulo, mkati muli kamota ndi timagiya tapulasitiki, osakankha mwamphamvu kapena kuisiya ibwerere mowomba. Pa GD1 mukafika pamenepa tsukaninso EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, imadzadza mwaye nkumachititsa galimoto kugwedezeka.

Pali kasikulu kakang'ono pambali, nthawi zambiri kopakidwa penti. Kameneko musakagwire. Anakaika ku fakitale, si kokwezera idling ngati pa kabuleta ya galimoto zakale.

7. Kuiphunzitsanso galimoto, sitepe yomwe ambiri amaidumpha

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Mwatsuka bwinobwino, mwabwezera zonse, mwaliza, singano yakwera pa 1500 kapena ikungokwera nkutsika kuposa kale. Mtima umagunda, mumati ndaononga. Simunaononge. Zaka zonse zija phula likuunjikana kompyuta inkaphunzira kutsegula mowonjezera pang'onopang'ono kuti injini isazime, ndipo inasunga zimenezo mmutu mwake. Lero mwachotsa phula koma iyo ikutsegulabe ngati phula lilipo, nde mpweya ukulowa wambiri. Ofunika kuiwalitsa zakale nkuiphunzitsa zatsopano, amakanika amati relearn.

Mayi ena a ku Dzivarasekwa anabwera ndi Fit yawo atagulitsidwa throttle body ina yakale pa vuto limeneli, atauzidwa kuti yawo yafa poitsuka, ndipo kasikulu kaja katapotokoledwa kale. Yawo yoyambayo inali mu buti mu pepala la pulasitiki, yabwinobwino. Tinaibwezera, tinaiphunzitsa, singano inakhala pa 700. Ndalama ya chitsulo chija inali ya fizi ya mwana, anandiuza okha atakhala pa benchi.

Musanayambe, onetsetsani kuti nambala 3 ndi 5 mwathana nazo. Paipi ikakhala yobowoka kompyuta iphunzira zabodza. Thermostat ikakhala mulibe injini sifika kutentha kofunika ndipo kuphunzirako sikuchitika nkomwe, mungodikira pachabe. Chitirani panja, osati mu galaja yotseka, utsi wa ekizozi umapha mwakachetechete.

Pa Honda chitani chonchi. Chotsani waya wa negetivu pa batire kwa mphindi zingapo nkubwezera, mumange zolimba, dziwani kuti wotchi ndi wailesi ziiwala zake. Zimitsani chilichonse chodya magetsi, AC, fani ya mkati, magetsi, wailesi, chiwongolero chikhale chowongoka osachigwira. Tembenuzani kiyi pa ON masekondi awiri, kenako lizani. Giya ili pa P, pondani moto singano ikhale pa 3000 mpaka fani ya ku rediyeta italira yokha, zimatenga kanthawi, pirirani. Fani ikalira chotsani phazi, musiye injini ilire yokha mphindi 5 osakhudza kalikonse. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: fani ikayaka mkati mwa mphindi 5 zimenezo, nthawi yomwe ikuzungulirayo musaiwerengere, imitsani wotchi, ikazima pitirizani. Mwana asatsegule chitseko nkuyatsa wailesi, inu musaponde moto kuti mumve ngati zatheka, mukatero yambiraninso. Mphindi zikakwana zimitsani, dikirani pang'ono, lizaninso, muone singano. Kenako yatsani AC, iyenera kugwa pang'ono nkudzuka yokha.

Pa Toyota ine ndimachotsa batire chimodzimodzi, kiyi pa ON kwa masekondi angapo osaliza, kenako kuliza nkuisiya itenthe, ilire yokha mphindi ngati 10 zonse zili zozimitsa, kenako mphindi zina AC ili yoyatsa, nkupita kokayenda mmisewu yoimaima. Zambiri zimakhazikika zokha pakatha tsiku limodzi kapena awiri, nde musafulumire kuweruza madzulo omwewo.

Nissan za throttle yamagetsi, Note, Tiida, March, X-Trail, ndi zokanika. Zili ndi ndondomeko yake yotchedwa idle air volume learning, pali njira yopondaponda pedulo mowerenga masekondi koma mukaphonya sekondi imodzi siigwira, bola kupita kwa wa makina a diagnosis nkumuuza dzina limenelo. Musanatsuke Nissan dziwiranitu komwe mukaiphunzitsire. Ngakhale Honda zatsopanoko za throttle yamagetsi, ikakana njira ya batire imafuna makina kuti afufute zakale. Ndipo galimoto zina zakale za ku Japan sizilankhula ndi timakina totchipa tija tolumikiza ku foni, kakakana musaganize kuti kompyuta yafa.

Kumbukiraninso kuti batire ikafa kapena mukaisintha, idling ikhoza kusokonekera chimodzimodzi, mankhwala ake ndi omwewa.

8. Tsopano inuyo mwini wake

Galimoto ikhoza kukhala bwinobwino koma mafuta nkumathera poima. Injini ya 1.3 kapena 1.5 ikamalira poima imadya pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ola, AC ikayaka zimaposa. Werengani nokha: mphindi 15 mmawa mukuti itenthe uku mukumwa tiyi, mphindi 30 masana mukudikira anthu adzadze kapena ana atuluke ku sukulu, pa masiku 26 ndi maola pafupifupi 20, malita 10 mpaka 20 pa mwezi osasuntha olo mita imodzi.

Zotenthetsa galimoto nthawi yaitali zinali za kabuleta ndi choko. Izi za injekishoni lizani, dikirani theka la mphindi oyilo azungulire, nyamukani mofatsa osapyola 2500 mpaka kagetsi ka buluu katazima, imatentha msanga ikuyenda kusiyana ndi poima. Osaipatsa moto wambiri ikadali yozizira, ndipo zopatsa moto musanazimitse madzulo zilibe ntchito. Mukadziwa kuti muima kuposa mphindi imodzi pamalo poti mwapaka, zimitsani, kuliza kamodzi sikudya mafuta ambiri ngati mmene anthu amanenera. Mu mdipiti wa mu Seke Road kapena Simon Mazorodze madzulo, momwe mukusuntha pang'onopang'ono, musamazimitse, komanso ngati batire kapena sitata yanu ndi yodwala konzani kaye zimenezo. Zotsetsereka giya ili pa N zisiyeni, galimoto za injekishoni zimadula mafuta zokha mukachotsa phazi ili mu giya, pa N ndiye zimathirabe a idling.

Matayala pimani kamodzi pa mwezi ali ozizira, nambala yake ili pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, ndipo zitsulo ndi zigubu zongokhala mu buti tsitsani.

Mukatha zonsezi dzadzaninso thanki muyeze ngati pa nambala 2. Nambala ikapanda kusintha, kapena singano ikadali yosakhazikika, apo ndiye pitani pa makina akaone oxygen sensor, sensa ya kutentha kwa madzi, ma injector ndi compression. Popita tengani kapepala kolemba rpm ya mmawa, rpm itatentha, makilomita pa lita, ndi zomwe mwasintha kale, ndipo code iliyonse, nambala ya vuto yomwe makina aonetse, muilembe kapena muijambule pa foni asanaifufute.